Khadi lomaliza likakugwetsani: mmene mungagwirire mtima pa tebulo la poker

Linali Lachisanu cha m'ma 11 koloko usiku, tili anthu 6 pa tebulo kunyumba kwa mnzathu wina ku Lilongwe. Kwa maola atatu ndinali ndikungotaya makhadi chifukwa amene ankandibwerera anali opanda pake. Kenako nditapinda pangodya pa makhadi anga awiri ndi chala chachikulu, ndinaona ma ace awiri, makhadi oyambira amphamvu kuposa onse. Mkulu wina amene anakhala moyang'anizana nane anakweza, ine n'kukwezanso, iye n'kukankhira pakati ma chips ake onse, tinthu toimira ndalama pa tebulo. Ndinavomera msangamsanga. Aliyense anali ataikapo K100,000. Iye anatembenuza ma king awiri. Makhadi atatu oyamba amene wogawa amaika pakati kuti tonse tigwiritse ntchito, otchedwa flop, sanamuthandize, lachinayi lotchedwa turn chimodzimodzi. Wogawa atagwetsa la pa river, lomaliza lija, linali king, n'kumupatsa ma king atatu, amene amaposa ma ace awiri.

Ndimakumbukirabe mmene makutu anatenthera, komanso mmene mkulu uja ankakokera ma chips ndi manja onse awiri uku akuti, "Pepani achimwene, zimachitika." King ameneyo anandidyera K100,000. Koma usiku umenewo ndinafika kunyumba nditaluza K400,000. K300,000 yapamwambayo palibe khadi limene linandilanda. Ndinachita kuipereka ndekha m'maola awiri otsatira, ndikulowa ndime iliyonse, kutanthauza ulendo uliwonse umene makhadi agawidwa, ndi makhadi oti masana sindikanawayang'ana kawiri, ndikusakasaka munthu mmodzi yekhayo kuti ndimubwezere.

Kugonja muli ndi makhadi amphamvu kuposa a mnzanu, osewera amakutcha bad beat. Misala imene imatsatirapo amaitcha tilt. Dzinali linachokera ku makina a masewera a pinball: munthu akakwiya n'kuyamba kugwedeza makinawo kuti kampira kapite komwe akufuna, makinawo amayatsa mawu oti TILT, n'kuuma osagwiranso ntchito, kampira n'kugwera m'dzenje. Mutu wa munthu umateronso. Bad beat simungailetse, idzabwera basi. Koma maola awiri otsatirawo ali m'manja mwanu, ndipo ndi amene amatha ndalama za anthu. Nazi zimene ndakhala ndikuchita kuchokera usiku umenewo.

Choyamba: malamulo apangidwe muli kunyumba, mtima uli m'malo

Munthu amene magazi awira sangadziikire malire, ndiye ntchito yaikulu ichitike musanatuluke pakhomo.

Patulani ndalama zosewerera. Zisakhudzane ndi za lendi, za fizi, za ufa kapena za magetsi. Osewera ozolowera amalangiza kuti mukhale ndi ndalama zokwanira kulowera pa tebulo lanu maulendo 20 kapena 30. Ngati polowa pamafunika K20,000, ndiye kuti pambali pakhale K400,000 kapena kuposa. Ngati mulibe, tebulo limenelo lakukulirani, pezani laling'ono. Izi zikukhudzana kwambiri ndi mkwiyo. Munthu akaluza gawo limodzi mwa magawo 30 a ndalama zake zosewerera amadandaula n'kuiwala. Akaluza ndalama imene landilodi akuiyembekezera pa 30, samaonanso makhadi, amangoona nkhope ya landilodi.

Kenako sankhani nambala: ndikaluza zolowera ziwiri, kapena zitatu, ndanyamuka. Sankhaninso nthawi yochokera, kaya mukudya kaya mukudyedwa. Zilembeni pa kapepala, muike m'thumba la malaya.

Apa pali vuto limene akuluakulu athu otchova njuga kale analibe. Iwo m'thumba mukauma ankangovala nsapato n'kumapita. Lero thumba lili mu foni, ndipo kutumiza ndalama kwa mwini tebulo sikutenga ndi mphindi imodzi yomwe. Ine K300,000 ija inatuluka chonchi, katatu, chala chikunjenjemera pa PIN. Choncho nyamulani ndalama zogwirika zokwana malire anu okha. Khadi la ku banki lisiyeni kunyumba, ndipo za mu foni zisamutsireni kwina musanapite. Mnzanu amene mumamukhulupirira pa tebulopo mumuuziretu kuti, "Aise, ndikakupempha ngongole usiku uno usandipatse, ngakhale ndilumbire bwanji." Ngati mumasewera pa intaneti, masamba ambiri ovomerezeka ali ndi poika malire a ndalama zimene mungalowetse pa tsiku kapena pa sabata. Ikani malirewo lero, osati tsiku limene zakuvutani.

Chachiwiri: dziwani masamu, kuti tsoka lisamaoneke ngati chiwembu

Chimene chimawawa pa bad beat si ndalama zokha. Ndi maganizo oti mwaberedwa, kuti ndime ija inali yanu kale. Koma sinali yanu yonse.

Ma ace awiri akakumana ndi ma king awiri, onse n'kuika zonse flop isanabwere, ma ace amapambana pafupifupi maulendo 82 pa 100. Maulendo 18 otsalawo amapambana ndi ma king. Kumeneku ndi pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi. Si zachilendo, si ufiti, si kuti wina wakutemererani. Pa mulu wathu uja wa K200,000, gawo langa lenileni pa nthawi imene ndinkavomera linali pafupifupi K164,000, ndipo K36,000 inali ya mkulu uja kuyambira pachiyambi. Kungoti mulu saugawa choncho, amatenga ndi mmodzi. Usiku umenewo inali nthawi yake.

Zowawa zimakula chifukwa cha kudikira. Ma ace awiri amabwera kamodzi pa ndime 221. Pa tebulo la maso ndi maso pamaseweredwa ndime pafupifupi 30 pa ola, ndiye kuti mumawadikira maola 7 kapena kuposa. Mukawaona, mtima umati malipiro afika. Koma makhadi sadziwa kuti mwadikira nthawi yaitali bwanji.

Nazi nambala zina zoti muzisunge m'mutu. Munthu amene pa flop ali ndi makhadi anayi a mtundu umodzi, monga ma heart okhaokha, akusaka lachisanu kuti apange flush, amalipeza pafupifupi maulendo 35 pa 100 ngati aona turn ndi river. Kukatsala river yokha, amalipeza pafupifupi kamodzi pa kasanu. Ndipo iyi ndi imene inanditsegula maso: mukaika zonse katatu usiku umodzi, ulendo uliwonse mwayi wanu uli 80 pa 100, mwayi woti mupambane maulendo atatu onsewo ndi 51 pa 100 basi. Tinganene kuti usiku umodzi mwa uwiri uliwonse wotere, mudzagwa kamodzi kapena kuposa ngakhale mutasewera bwino chotani.

Palinso china chovuta kuchimeza. Wosewera wabwino ndi amene amakumana ndi ma bad beat ambiri, chifukwa ndi amene kawirikawiri amaika ndalama ali patsogolo. Ndipo munthu amene wakulondolani ndi makhadi ofooka n'kupeza mwayi pa river, ndi yemweyo amene amakupatsani ndalama masiku ena onse. Akanakhala kuti sapambanako ngakhale tsiku limodzi, sakanabweranso.

Chachitatu: phunzirani mmene mkwiyo wanu umayambira

Thupi limadziwa msanga kuposa mutu. Ine zimayamba ndi makutu kutentha, nsagwada kulimba, kenako zala zimayamba kusewera ndi ma chips mofulumira. Ndimasiya kuyang'ana anthu, n'kumangodikira makhadi otsatira. Ena amayamba kulongolola, ena amangoti zii ngati kuli maliro. Ena amaitanitsa botolo lina. Dziwani zanu, muzilembe kuseri kwa kapepala kaja.

Chizindikiro chachikulu kuposa zonse ndi chiganizo chimodzi chimene chimalowa m'mutu: "Ndingobweza zanga zokha, ndizipita." Mukangodzimva mukunena zimenezi, dziwani kuti tilt yafika kale. Akatswiri a maganizo a munthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, anafotokoza mu 1979 kuti kutaya chinthu kumapweteka kwambiri kuposa mmene kupeza chinthu chofanana nacho kumasangalatsira, ndipo kafukufuku wawo wa pambuyo pake anaonetsa kuti ululuwo umakhala pafupifupi kawiri. Anaonanso kuti munthu amene ali pa kutaya amalolera kuchita zinthu zoopsa kuti athawe kutayako, zoti sakanachita akanakhala kuti zikumuyendera. Choncho chilakolako chobweza si umboni woti ndinu wofooka. Ndi mmene tonse tinapangidwira, ndipo n'chifukwa chake sitiyenera kuchikhulupirira.

Chachinayi: mphindi yoyamba, tsekani pakamwa

Khadi lagwa, mulu wapita. Chotsani manja pa ma chips, muwaike pa maondo. Kokerani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6 kapena 8. Chitani kasanu. Kutulutsa mpweya motalika kumachepetsa kugunda kwa mtima, ndipo palibe amene angazindikire zimene mukuchita.

Ngati mukufuna kuyankhula, mawu awiri akwana: "Zanu, bwana." Musamuphunzitse munthu masamu, musamufunse kuti amaganiza chiyani polondola ndi makhadi amenewo, musakalipire wogawa. Wogawa sasankha makhadi. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Pa tebulo mlomo umakutsatani usiku womwewo, chifukwa aliyense waona kuti mwapsa mtima, ndipo ochenjera ayamba kukutcherani misampha podziwa kuti mulondola chilichonse. Ambiri tinaonerapo Phil Hellmuth, amene anapambana mpikisano waukulu wa World Series of Poker mu 1989 ali ndi zaka 24, akukalipira anzake pa kanema. Iye ali ndi dzina ndi chuma choti n'kupirira nazo khalidwe limenelo. Inu ndi ine tikatengera, timangotaya ndalama ndi anzathu omwe.

Kenako werengani ma chips amene atsala patsogolo panu. Amenewo ndiwo muli nawo. Amene munali nawo mphindi zisanu zapitazo si anunso, ali ndi mwini wake.

Chachisanu: imirirani

Tulukani panja kwa mphindi 15 kapena 20. Mkwiyo sutha mu mphindi ziwiri, thupi limafuna nthawi kuti lizizire. Sambani kumaso, imwani madzi, yendani mpaka pa geti n'kubwerera. Mowa ayi. Pa intaneti dinani sit out kuti asiye kaye kukugawirani makhadi, tsekani pochezera, muchoke pa mpando. Mu mpikisano wa tournament ma blind, ndalama zokakamiza zimene osewera amaika mosinthana makhadi asanagawidwe, amapitirira kukudyani muli panja, n'zoona, koma kuphonya ndime zitatu n'kotchipa kuposa kukankha zonse ndi makhadi achabechabe.

Muli panjapo, pali zinthu ziwiri zoti mupewe. Musayambe kulembera anzanu pa WhatsApp kufotokoza mmene king anagwera, chifukwa kubwereza nkhaniyo ndi kusonkhezera moto umene mukufuna uzime. Ndipo musatsegule foni kuti muyese kandege kapena kubetcha mpira poyembekeza kubweza mwachangu. Kumeneko n'kuthawa mvula n'kugwera mu mtsinje. Pa poker luso limathandizako pakapita nthawi, koma pa masewera amenewo masamu ake anawakonza kuti mwini wake ndiye azipindula.

Chachisanu ndi chimodzi: kubwerera kapena kupita kunyumba

Tulutsani kapepala kaja. Ngati malire akwana, nkhani yatha, tsanzikani bwinobwino muzipita. Adzakuuzani kuti, "Khalani pang'ono akulu, usiku udakalipo." Yankhani kuti tionana sabata ya mawa. Tebulo silithawa.

Ngati malire sanakwane, dzifunseni moona mtima: kodi ndikanakhala kuti ndikungofika kumene, ndili ndi ma chips amene atsalawa, mutu uli mmene ulilimu, ndikanakhala pansi? Dzifunseninso ngati mukubwerera kukasewera ndi tebulo lonse kapena mukubwerera munthu mmodzi. Ngati nkhope yake ndi imene ili m'maso mwanu, musabwerere.

Mukabwerera, kwa theka la ola sewerani makhadi amphamvu okhaokha. Bluff, kubetcha ngati muli ndi makhadi amphamvu pamene mulibe, muisiye kaye, chifukwa aliyense akuyembekezera kuti munamiza. Ndipo musasamukire pa tebulo la ndalama zambiri kuti mubweze msanga. Kumeneko kuli osewera odziwa kuposa, ndipo mukupitako muli pa tsiku lanu lofooka.

Chachisanu ndi chiwiri: mawa lake, ndi kope ndi cholembera

Gawo ili ambiri amalidumpha, koma ndi limene limachiza. Mutagona n'kudya, lembani ndime zitatu kapena zinayi zimene zinakupwetekani. Pa iliyonse yankhani funso limodzi: pa nthawi imene ndinkaika ndalama, ndi zimene ndinkadziwa pa nthawiyo, kodi ndinasankha bwino? Zotsatira zake zisiyeni pambali. Kuvomera ndi ma ace awiri kuja kunali kolondola, ndipo mawa nditapatsidwanso ndingachite chimodzimodzi. Pamenepo palibe choti ndikonze, ndiye palibenso choti ndizidziimbira mlandu.

Koma kope silinama. Nditalemba kwa miyezi ingapo ndinapeza kuti zambiri zimene ndinkazitcha tsoka sizinali tsoka. Panali usiku wina umene ndinkauza aliyense kuti ndinaberedwa ndi flush pa river. Nditalemba bwinobwino ndinaona kuti pa turn ndinabetcha kandalama kochepa kwambiri, koti aliyense wosaka flush anayenera kulondola. Khadi lachitatu la mtundu womwewo litagwa, munthu wofatsa amene sanamizepo usiku wonse anakankha zonse, ine n'kuvomera ndikudziwa mumtima kuti ndagonja. Limenelo silinali tsoka, kunali kukana kutaya makhadi okongola. Kuzindikira zimenezi kunandiwawa, koma kunandipatsa chinthu choti ndigwirepo ntchito, pamene tsoka silipatsa munthu chochita.

Lembaninso nthawi imene munayamba, imene munamaliza, ngati munamwa, ngati munagona mokwanira, ndiponso ngati munachoka kunyumba mutakangana ndi wina. Mudzaona kuti masiku oipa amafanana. Anga ambiri anali a kumapeto kwa mwezi, nditatopa, itadutsa 1 koloko.

Kwa osewera pa intaneti amene amakhulupirira kuti makina amawakonzera chiwembu: kumbukirani kuti kumeneko tebulo limodzi limagawa ndime zochuluka kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi la maso ndi maso, ndipo ena mumatsegula matebulo anayi nthawi imodzi. Ma bad beat a mwezi wathunthu mumawaona usiku umodzi. Sewerani pa masamba okhala ndi chilolezo okha. Ndipo ngati pa tebulo la kunyumba mukukayikiradi kuti anthu awiri akugwirizana kapena makhadi ali ndi zizindikiro, musakangane nawo ndalama zili pakati. Nyamukani, osabwereranso.

Pamene vuto silinso tilt

Ndiyenera kunena izi mosabisa, chifukwa malangizo onse ali pamwambawa ndi a munthu amene akadali ndi mphamvu yonyamuka. Ngati mwaphwanya malire anu katatu motsatizana, ngati mwatenga katapila kapena mwapinyolitsa foni kuti musewere, ngati mwagwira ndalama za ku ntchito kapena za banki m'khonde, ngati mumanamiza a kunyumba za komwe munali ndi ndalama zimene zapita, ndiye kuti nkhani yasintha. Kupuma mozama sikungathetse zimenezo. Madokotala amaliwerengera vuto la njuga m'gulu limodzi ndi la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo kubwerera tsiku lotsatira kukasaka zimene munaluza ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene amayang'ana.

Luso silitchinjiriza munthu pa zimenezi. Stu Ungar anapambana mpikisano waukulu wa World Series of Poker katatu, mu 1980, 1981 ndi 1997, ndipo ambiri amamuika pakati pa akatswiri oposa onse amene anagwirapo makhadi. Mu 1997 analandira madola 1 miliyoni. Mu November 1998 anamupeza atamwalira m'chipinda cha motelo ku Las Vegas, ali ndi zaka 45, chuma chitapita ku kubetcha ndi mankhwala ozunguza bongo.

Thandizo lilipo. Amene muli ku South Africa, pali nambala yaulere ya uphungu wa za njuga, 0800 006 008. Ku Britain imbani 0808 8020 133, ndipo kudzera ku GamStop mungathe kudzitsekera nokha masamba onse a njuga ovomerezeka m'dzikomo kwa miyezi 6, chaka chimodzi kapena zaka 5. Ku Malawi, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu pa za maganizo ndi zizolowezi zovuta kusiya, ndipo ku chipatala cha boma mungathe kufunsa wa za umoyo wa maganizo. Ngati ngongole zakufikitsani poganiza zodzichotsera moyo, musagone nazo nokha usiku umenewo. Dzutsani munthu, m'bale, mnzanu kapena abusa, mupite limodzi ku chipatala.

Ndipo uzani munthu mmodzi wa pakhomo nambala yeniyeni. Ine ndinatenga masiku anayi ndisanauze mayi a kunyumba za K400,000 ija, ndipo masiku anayiwo ndinkangoganiza zopita kukaibweza iwo asanadziwe. Sankhani nthawi imene ana agona. Nenani ndalama yonse, osachotserako, pamodzi ndi ngongole ngati ilipo ndi dzina la amene munamukongola. Musalonjeze kuti mubweza posewera. Kenako apatseni khadi la ku banki, musinthire limodzi PIN ya ndalama za mu foni, ndipo mugwirizane tsiku limene mudzakhalenso pansi kuona mmene zikuyendera.